Ndimayankha mafunso a kafukufuku wa khansa ya m'mawere ngakhale sindikudwala

Ine si dokotala, si nesi, ndipo ndalama zoti ndingapereke ku mabungwe olimbana ndi khansa ndilibe, koma pali kanthu kamodzi komwe ndakhala ndikuchita kwa zaka ndithu tsopano ndipo ndikufuna ndikufotokozereni bwinobwino poti mwina wina mwa inu angakachitenso. Ndimayankha mafunso a kafukufuku wa khansa ya m'mawere pa intaneti. Amanditumizira imelo, ndimatsegula linki pa foni, ndimayankha zomwe afunsa zokhudza thupi langa ndi mmene ndimakhalira, ndikatha ndimatumiza, basi. Pakapita miyezi amabweranso ndi mafunso ena. Khansayo ine sindinadwalepo, ndipo ndikanena choncho anthu amadabwa kuti nanga akukufunsa chani munthu wabwinobwino, nde nkhani yonse yagona pamenepo.

Amene anadwala ndi achemwali anga aakulu. Anawapeza nayo ali ndi zaka za m'ma 40, anawachotsa bere limodzi, kemo, mankhwala amphamvu opha khansa aja, anamaliza, pano ali moyo ndipo ntchito akugwira. Koma nthawi yonse yomwe ankalandira thandizo chomwe chinkawasowetsa tulo ndi funso loti chifukwa chani ineyo. Mowa samwa, fodya sanamulawepo, ana awo onse anayamwitsa mpaka kukula. Usiku ankangokumbukira zinthu zakale, mwina ndi mapilitsi olera aja, mwina ndi tsiku lomwe ndinagundidwa pachifuwa lija, mwina ndi bra yothina, mwina ndi foni yomwe ndinkaika m'bulauzi, ndipo mawa lake ankadzuka ndi chifukwa china chatsopano chodziimbira mlandu. Adokotala anawauza mosabisa kuti sangaloze chinthu chimodzi, ndipo ankanena zoona, chifukwa olo a bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la World Health Organization (WHO) amanena kuti pafupifupi theka la amayi omwe amapezeka ndi khansa ya m'mawere sakhala ndi chiopsezo chilichonse chodziwika kupatula kuti ndi akazi ndipo akukula. Mu 2022 mokha amayi pafupifupi 2.3 miliyoni anapezeka nayo pa dziko lonse ndipo okwana 670,000 anamwalira. Theka la anthu ochuluka chonchi kulibe yankho loti awapatse.

Zomwe ndinaona kwa achemwali angazo ndi zomwe zinandithandiza kumvetsa chifukwa chomwe ofufuza amafunira anthu osadwala. Munthu akadwala kale sakumbukira mofanana ndi munthu yemwe ali bwino. Wodwalayo amafukula chilichonse, kanthu kakang'ono amakakulitsa poti akufunafuna chomwe chinamulakwira, pomwe mnzake yemwe ali bwino ukamufunsa zomwezo amangoti aaa sindikukumbuka. Nde ukayerekeza mayankho a awiriwa umatha kuona ngati pali kusiyana pomwe kusiyanako kuli pa kakumbukiridwe chabe. Njira yozembera vutoli ndi kufunsa anthu ambirimbiri asanadwale, kulemba zonse, kenako kudikira zaka nkumawafunsabe. Ena mwa iwo adzadwala, ambiri sadzadwala, ndipo pamenepo ofufuza amabwerera ku mayankho akale aja nkuona kuti magulu awiriwa ankasiyana pati, pa nthawi yomwe panalibe yemwe ankadziwa za mawa lake.

Ntchito imeneyi inayamba kale intaneti kulibe. Mu 1976 ku America anayambitsa Nurses' Health Study, anamwino 121,700 anavomera kumayankha mafomu omwe ankawatumizira pa positi zaka ziwiri zilizonse, ndipo gawo lachitatu la kafukufuku yemweyo lomwe linayamba mu 2010 limachitika pa intaneti. Ku Britain kuli Million Women Study ya ku yunivesite ya Oxford yomwe inalemba amayi pafupifupi 1.3 miliyoni pakati pa 1996 ndi 2001, ndipo mu 2003 inaonetsa kuti mankhwala a mahomoni omwe amayi ena amamwa akasiya kusamba amawonjezera chiopsezo cha khansa ya m'mawere, makamaka aja osakaniza mahomoni awiri. Madokotala ambiri anasintha kalembedwe ka mankhwalawa kutsatira zotsatira ngati zimenezo. Ngakhale zija timamva zoti kuyamwitsa kumateteza sizinachokere m'mutu mwa munthu, mu 2002 akatswiri anaphatikiza akafukufuku 47 a m'mayiko 30 nkupeza kuti miyezi 12 iliyonse yomwe mayi wayamwitsa chiopsezo chimatsika ndi pafupifupi 4.3 peresenti. Nambala imeneyo ndi ya amayi wamba omwe anakhala pansi nkuwerengera kuti mwana wakuti ndinamuyamwitsa miyezi ingati. Koma womwe unandigwira mtima kwambiri ndi Sister Study ya ku America, yomwe pakati pa 2003 ndi 2009 inalemba amayi oposa 50,000 osadwala koma omwe mchemwali wawo anadwalapo khansa ya m'mawere. Nditawerenga ndinangoti awa ndi anthu ngati ine ndendende, nde ndinayamba kufunafuna komwe nanenso ndingalowe.

Kupeza woyenera sikunali kwa tsiku limodzi. Akafukufuku ambiri ali ndi malire, ena amafuna anthu a dziko lawo lokha, ena a zaka zakutizakuti, ena anatseka kale kulemba anthu atsopano, nde ukakanidwa usaone ngati wanyozedwa, ndi mmene anakonzera funso lawo basi. Womwe ndinalowa ine ndi wa yunivesite ina ndipo umalandira wamkulu aliyense, wodwala ndi wosadwala yemwe.

Pano mundimvetsetse chifukwa pa intaneti pali akuba ovala jekete ya ofufuza. Kafukufuku weniweni tsamba lake loyamba silikhala la mafunso, limakhala la chilolezo, ndipo ndi lalitali lotopetsa koma muliwerenge ndithu. Limanena dzina la yunivesite kapena bungwe, dzina la mkulu wa kafukufukuyo ndi mmene mungamupezere, komiti yoona za ufulu wa anthu olowa mu kafukufuku yomwe inavomereza, komwe mayankho anu akasungidwe, amene angawaone, komanso kuti muli ndi ufulu wodumpha funso kapena kutulukamo tsiku lililonse popanda kufunsidwa chifukwa. Izi si ulemu chabe, ndi malamulo omwe madokotala a pa dziko lonse anagwirizana mu Declaration of Helsinki kuyambira 1964. Ine ndinatenga dzina la mkuluyo nkukalifufuza pa tsamba la yunivesiteyo pandekha osadzera pa linki yawo, nditaona kuti alipodi komanso imelo yake ikufanana ndi yomwe yalembedwa mpomwe ndinadina kuti ndavomera. Fomu ina yomwe inazungulira m'gulu lathu lina la pa foni inali ndi riboni ya pinki yokongola, chizindikiro cha khansa ya m'mawere, koma funso lachitatu linali nambala ya akaunti ya ku banki ati akutumizireni mphatso, ndipo kumapeto inkagulitsa mankhwala omwe ati amasungunula chotupa. Ofufuza enieni safuna PIN yanu, sakulipiritsani kuti mulowe, sagulitsa mankhwala, ndipo sangakuuzeni kuti jambulani mawere mutitumizire pa foni. Mukangoona chimodzi mwa zimenezi tsekani ndipo muwachenjeze anzanu m'gulumo.

Mafunso oyamba ndi omwe amakhala ambiri, ine ndinachita kuwagawa masiku angapo poti fomuyo imasunga pomwe walekezera. Ena ndi ophweka, zaka, msinkhu, kulemera. Anandiuza kuti ndiyeze m'chiuno nde ndinatenga tepi yoyezera nsalu, kuimirira, kuizunguliza chapamchombo, kutulutsa mpweya osakoka mimba, nkulemba nambala yomwe yatuluka olo sinandisangalatse. Kenako amalowa za mkati. Munayamba kusamba muli ndi zaka zingati, mimba zingati, mwana woyamba munabereka muli ndi zaka zingati, aliyense munamuyamwitsa nthawi yaitali bwanji, njira zolera zomwe mwagwiritsapo ntchito ndi ziti ndipo kwa zaka zingati, munasiya kusamba kapena ayi. Poyamba zimaoneka ngati akulowerera za eni, koma zonsezi zikuzungulira pa chinthu chimodzi, nthawi yomwe mawere akhala akukumana ndi mahomoni a chikazi. Zimadziwika kuti kuyamba kusamba usanakwane zaka 12, kusiya mochedwa utapitirira 55, ndi kubereka mwana woyamba utadutsa 30 kumakweza chiopsezo pang'ono. Amafunsanso za mowa, fodya, kulimbitsa thupi, ngakhale zogwira ntchito usiku, chifukwa nthambi ya WHO yofufuza za khansa yotchedwa IARC inaika ntchito ya mashifiti a usiku m'gulu la zinthu zomwe mwina zimayambitsa khansa, koyamba mu 2007 kenako anaunikanso mu 2019, ndipo mawu oti mwinawo akutanthauza kuti umboni sunakwane, akufunabe anthu oti awafunse.

Gawo lomwe linandiimitsa ndi la ku mtundu. Ankafuna kudziwa aliyense wa magazi amodzi yemwe anadwalapo khansa ya m'mawere kapena ya m'thumba la mazira, ndipo analemba momveka kuti mbali ya bambo muiwerengenso. Ambirife timaganiza kuti matenda a mawere amayenda kuchikazi kokha, si choncho, kusintha kwa majini aja amati BRCA1 ndi BRCA2, omwe anawatulukira mu 1994 ndi 1995, munthu amatha kutengera kwa bambo ake chimodzimodzi ngati kwa mayi ake. Ndinakumbukira azakhali anga, alongo awo a bambo, omwe anamwalira ine ndili wamng'ono ndipo chomwe tinkangomva nchoti anadwala nthawi yaitali. Ndinaimbira amayi.

"Amayi, azakhali aja anamwalira ndi chani kwenikweni?"

Anakhala chete kaye mpaka ndinayang'ana foni kuona ngati yaduka. Kenako anati, "Mwanangu, nthawi imeneyo zinthu izi sitinkatchula. Bere lawo lakumanzere linatupa, linalimba, kenako linachita chilonda chosapola. Ankalimanga ndi nsalu kuti ana musaone. Kuchipatala anapita mochedwa."

"Nanga adokotala anati ndi chani?"

"Amene anauzidwa ndi amuna awo. Ife sanatiuze."

Pa fomupo panali malo atatu, inde, ayi, ndi sindikudziwa bwinobwino, ndipo pansi pake kabokosi kolembamo. Ndinasankha lachitatulo nkulemba zomwe amayi ananenazo mmene ananenera, osawonjezera dzina la matenda lomwe palibe anatiuza. Usiku womwewo ndinawauza achemwali anga, ndipo iwo anakawauza adokotala awo pa ulendo wotsatira chifukwa pomwe ankafunsidwa za ku mtundu poyamba paja anayankha kuti kulibe, poti sankadziwa. Khansa yotengera ku mtundu si yochuluka, ndi pafupifupi 5 mpaka 10 pa 100 iliyonse, koma ngati banja lanu lili m'gulu limenelo ndi bwino adokotala adziwe. Pa zonse zomwe ndapindula ndi mafunsowa ichi nchomwe sindinkachiyembekezera, kuti fomu ya pa foni inatsegula nkhani yomwe inakhala yotsekedwa m'banja mwathu zaka zonsezi.

Tsono langizo langa lalikulu ndi loti muzinena zoona, ndipo zoonazo nthawi zina ndi sindikukumbuka. Pali kamtima kena kamabwera ukafika pa funso la mowa kapena la kulemera kapena la masewera olimbitsa thupi, kofuna kuoneka bwino ngati pali munthu akukuyang'ana. Palibe akukuyang'ana, dzina lako amalichotsa nkuika nambala, ndipo yemwe adzawerengere adzaona mizere masauzande osati nkhope yako. Koma taganizani amayi onse omwe amamwa mabotolo anayi atalemba awiri, nde kuti zotsatira zidzapotoka, ndipo malangizo omwe adzapatsidwe kwa ana athu aakazi adzakhala omangidwa pa bodza lathu. Chimodzimodzi kungolota nambala pofuna kuti fomu ithe msanga. Ngati chaka chomwe munayamba mapilitsi chakuthawani ndipo palibe kabuku ka kuchipatala koti muonemo, sankhani sindikukumbuka, ofufuza amadziwa chochita ndi malo opanda yankho koma yankho lopeka sangalizindikire. Ndipo funso lomwe simukufuna kuyankha, monga za mimba yomwe inachoka kapena zina zowawa, lidumpheni ndithu, ufuluwo ndi wanu, kusiyana nkuti mulembe zosakhala zoona.

Chachiwiri chomwe ndimalimbikira ndi kubwereranso. Anthu ambiri amalowa ndi moto mwezi wa Okutobala, mwezi wodziwitsa anthu za khansa ya m'mawere, pomwe paliponse pali pinki, amayankha fomu yoyamba, kenako imelo yotsatira ikabwera saitsegulanso. Zili ngati kupita ndi mwana ku sikelo kamodzi kokha, nambala imodziyo siingakuuze ngati akukula kapena ayi. Mafunso obwereza amakhala afupi, nthawi zambiri ndimamaliza ndisanatope, ndipo amakhala omwe aja, kodi mwapezeka ndi matenda atsopano, mwasintha mankhwala, mukulemera bwanji pano, mukugona bwanji. Zimatopetsa kulemba kuti palibe chasintha, koma palibe chasinthayo ndi yankho lofunika kwambiri, chifukwa popanda ife omwe sitinadwale odwalawo alibe owayerekeza nawo. Ndipo choopsa nchoti anthu omwe amasowa pakati pa kafukufuku nthawi zambiri ndi omwe zinthu zawavuta, adwala kapena asamuka kapena foni yatayika, nde otsalawo amaoneka athanzi kuposa mmene zinthu zilili. Ine ndikasintha nambala kapena imelo ndimawadziwitsa, ndipo imelo yawo ndinaisunga bwino kuti isamagwere ku spam.

Koma abale chonde, kafukufuku si chipatala. Ichi ndikuchinena mokweza chifukwa ndamvapo wina akuti ine za mawere ndili nazo kale pa foni. Palibe dokotala yemwe amakhala kuseri kwa fomuyo kudikira kuti akuimbireni mukalemba zodetsa nkhawa, mayankho anu mwina adzawerengedwa patapita zaka, ali m'gulu la ena masauzande. Ine ndinapeza kachotupa ndikusamba, kakang'ono kozungulira, kosapweteka, kubere lakumanja chakukhwapa, ndipo ndi mbiri ya kwathuyi miyendo inazizira. Sabata yomweyo ndinapita kuchipatala, anandigwira, ananditumiza ku sikani, ndipo anapeza kuti ndi kathumba ka madzi chabe. Zotupa zambiri za m'mawere si khansa, koma amene angakuuzeni zimenezo ndi wachipatala atakuyezani. Mukaona chotupa olo chisakupweteka, khungu la bere likukwinyika kapena kuchita timaenje, nsonga ya bere yalowa mkati pomwe kale sinali choncho, kukutuluka magazi kapena timadzi tachilendo, kapena mwatupa m'khwapa, nyamukani. Za kathumba kangako ndinadzazilemba pa mafunso otsatira, mwezi wake ndi zomwe sikani inaonetsa, apo mpomwe panali pamalo pake.

Musayembekezerenso kuti adzakuuzani zotsatira zanuzanu. Chomwe ndimalandira ndi kalata ya pa imelo mwa apo ndi apo yofotokoza zomwe apeza pa gulu lonse, nthawi zina imangoti tinafufuza zakuti ndipo sitinapeze kugwirizana kulikonse ndi khansa. Poyamba ndinkaona ngati zopanda phindu, koma nditakumbukira achemwali anga akudziimba mlandu chifukwa cha bra ndinaona kuti kuuza mayi wodwala kuti ichi sichinakudwalitse ndi mankhwala pakokha.

Pali china chomwe chimandipweteka ndipo nchomwe chandipangitsa kulemba zonsezi. Akafukufuku akuluakulu omwe ndatchulawa ambiri mwa omwe anayankha ndi amayi achizungu a m'mayiko olemera. Ku America komweko anachita kuyambitsa Black Women's Health Study mu 1995, ya amayi akuda 59,000, ataona kuti amayi akuda sakuoneka mokwanira mu akafukufuku ena, pomwe mtundu wina wovuta kuchiza wotchedwa triple negative umapezeka kwambiri mwa iwo kuposa mwa azungu. Nde ngati mayankho athu mulibe, malangizo omwe amatuluka amakhala oyezera thupi ndi moyo wa anthu ena. Kusiyana kwa kapulumukidwe nako nkoopsa, WHO imati m'mayiko olemera amayi oposa 90 pa 100 amakhala ali moyo patatha zaka 5 atapezeka ndi khansayi, ku India ndi 66, ku South Africa ndi 40. Kafukufuku wa ABC-DO yemwe anatsatira amayi odwala oposa 2,000 ku Namibia, Nigeria, South Africa, Uganda ndi Zambia anapeza kuti patatha zaka 3 theka lokha ndi lomwe linali moyo, ndipo mmene anawatsatira ndi kungowaimbira foni miyezi itatu iliyonse nkuwafunsa mafunso. Foni wamba, osati makina odula. WHO mu 2021 inakhazikitsa Global Breast Cancer Initiative yofuna kuchepetsa imfazi ndi 2.5 peresenti chaka chilichonse, koma kuti adziwe komwe amayi akuchedwera, kaya ndi kunyumba poopa, kaya ndi pa mzere wodikira zotsatira, kaya ndi kulekeza mankhwala panjira, ayenera kumva kwa amayiwo eni ake.

Abambo musaone ngati nkhaniyi yakudutsani, khansa ya m'mawere imagwiranso amuna, pafupifupi mmodzi pa odwala 100 alionse kapena kucheperapo, ndipo akafukufuku ena amakulandirani. Olo asakulandireni, inu ndi amene mukudziwa zomwe alongo anu ndi amayi anu anadwala, auzeni ana anu.

Vuto la mafunso a pa intaneti ndi loti amasiya kunja amayi omwe alibe foni yaikulu, omwe netiweki imawavuta, ndi omwe chizungu sachimva poti mafomu ambiri ali m'chizungu, ndipo amenewa nthawi zambiri ndi omwe amafika kuchipatala mochedwa. Ine ndathandizapo amayi achikulire angapo kulowa, ndipo mmene ndimachitira ndi chonchi. Tsamba la chilolezo ndimawawerengera lonse nkumasulira, osalidumpha, ndipo akati ayi nkhani yathera pomwepo, sindiwanyengerera. Akavomera imelo ndi pasiwedi zimakhala zawo, ndimawalembera papepala nkuwapatsa asunge okha. Ndimawerenga funso nkudikira, osawayankhira olo ndikuganiza kuti yankho ndikulidziwa, ndipo tikafika pa za mimba, za kulera ndi za mowa ndimawauziratu kuti ngati simukufuna kuti ine ndimve tingodumpha, kapena ndikuonetseni podina muyankhe nokha ine nditatuluka panja.